Wolemba Mbiri za Malemu

Pa siteji ya ku Chirimba minibasi inkachedwa kudzaza. Mayi wina amene nkhope yake inkaonetsa kuti sanagone bwino anayamba kucheza ndi bambo wachikulire wa jekete yakuda amene anakhala naye mpando umodzi.

"Mwana wanga Alinane amusankha ku yunivesite, bambo. Akuti akaphunzire mbiri yakale ndi zolembalemba. Bambo ake akuti ayi, akaphunzire utelala. Andisiyira ine kuti ndigamule pofika Lolemba."

"Wanganso Yakobe anaphunzira zomwezo. Digiri ili pakhoma, ntchito sanaipezebe."

"Ndiye amangokhala?"

"Amakhala kuti? Munthu akamwalira kwathu kuno, anamfedwa amadzamutenga kuti akalembe mbiri ya malemu. Amakhala pansi ndi azakhali, kufunsa, kumvetsera. Ngakhale chidakwa chimene tonse tinkachithawa, iye amachipezera mawu abwino popanda kunama, mpaka azibambo kupukuta misozi."

"Koma ndiye ndi mphatsotu imeneyo."

"Mayi ake atatisiya chaka chatha, ine kukamwa kunauma. Amene anaimirira kuwerenga mbiri yake ndi iyeyo. Zaka zonsezo nyumba imodzi, koma mkazi wanga ndinamudziwa bwino tsiku limenelo."

"Pepani, bambo. Nanga anthuwo amamuthokoza ndi kangachepe?"

"Amamupakulira nyemba, limodzi ndi adzukulu okumba manda."



"Ndiye wangayu ndikamuuze chiyani? Mwanayo mabuku amawakonda, bambo."

"Wanganso amawakonda, mayi. Koma telala amadya tsiku lililonse. Wanga amadikira kuti munthu afe."