Masiku Asanu ndi Atatu Amene Sitinawapatse Achemwali

Malemu amene agona patsogolo pathuwa anabadwa pa 14 Epulo 1959. Anali oyamba mwa ana asanu ndi mmodzi, ndipo ine amene abale andituma kuwerenga mbiriyi ndine mlongo wawo, chitsirizira m'banjamo. Ansembe athu, akuluakulu a mpingo ndi anamfedwa nonse, mundilole ndiziwatchula kuti achemwali, monga ndakhala ndikuwaitanira chibadwire.

Anayamba sukulu mu 1966, ndipo mu 1974 anasankhidwa kupita ku sekondale ya atsikana yoyendetsedwa ndi masisitere. Kumeneko anzawo akathamangira ku bwalo la mpira, iwo ankalowa m'katchalitchi ka pasukulupo n'kukhala pa benchi lakumbuyo, osaimba, osapempha kanthu, kungokhala phee. Atamaliza maphunziro analemba kalata yopempha kulowa usisitere, ndipo analoledwa.

Loweruka pa 3 Febuluwale 1979, kutatsala masiku awiri kuti anyamuke, anali kusita mabulauzi oyera atatu amene anauzidwa kuti atenge. Sutikesi inali yotsegula pabedi. Mnzawo wa atate athu wa kufakitale anagogoda, chipewa chili m'manja, n'kunena kuti atate agwa pantchito ndipo sanadzukenso. Achemwali anaimika simbi, anakhuthula makala panja kuti angatenthe nyumba, kenako ndi pamene anapita kukawauza amayi. Maliro atatha amalume anawauza kuti adikire chaka chimodzi chokha, ana akuleko kaye. Ine ndinali ndi zaka zinayi. Chaka chimodzicho chinandipeza ndamera ndevu chisanathe.

Mu Juni chaka chomwecho analembedwa ntchito yolandira matelefoni pa kampani ina yonyamula katundu. Amene munagwira nawo mukukakumbukira kachipinda kaja, pansi pa masitepe, kopanda zenera, ka mpando umodzi ndi bolodi la timagetsi tophethira. Ankavala zomvetsera m'mawa n'kudzavula madzulo, ndipo chakudya chamasana ankadya khutu limodzi lili pantchito. Madalaivala ndi amene anawapatsa dzina loti a Halo. Anali ndi kachitidwe kawo kamene sikanalembedwe m'buku lililonse la malamulo. Foni ikabwera ya uthenga wa maliro, sankailumikiza nthawi yomweyo. Ankayamba aitana mnzake wa munthuyo kuti akaime pambali pake, kenako n'kulumikiza. Anatero kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi, mpaka anapuma pantchito mu 2010.

Pa 6 Sepitembala 1986 anamanga ukwati woyera ndi alamu athu, makaniko wa pakampani pomwepo, munthu wa mawu owerengeka. Achemwali ankaseka kuti anawakonda chifukwa pakampani yonse ndi okhawo amene sanawaimbirepo foni. Mulungu anawapatsa ana atatu. Alamu anatsogola mu 2003.

Nyumba yawo inali ya zipinda ziwiri, koma sindikumbukira tsiku limene munagona anthu osakwana khumi. Wotsiriza sukulu, wosowa ntchito, wokangana ndi mwamuna wake, tonse njira inali yomweyo. Aliyense ankamupezera pogona, ndipo kumacha nsapato zake zitapukutidwa, osadziwa kuti wapukuta ndani.

Chimene ambiri simukuchidziwa n'chakuti achemwali anali ndi pempho limodzi. Kunyumba ya masisitere kumene anayenera kukalowa kuja chaka chilichonse kumachitika m'bindikiro wa masiku asanu ndi atatu, woti anthu amakhala osayankhula. Analembetsa kasanu ndi kawiri. Sanapiteko ngakhale kamodzi. Mu 1994 amayi athu anafa ziwalo mbali imodzi, ndipo wowasambitsa anali iwo. Mu 2001 ine banja litandivuta ndinawatulira ana awiri pakhomo. Mu 2011 mwana wawo wamkazi anachira mapasa. Zaka zinazo sindikumbukira n'komwe kuti chinali chiyani, ndipo zimenezi zikundichititsa manyazi. Palibe wa ife anawaletsa ndi pakamwa. Tinkangofika ndi chikwama, iwo n'kumasula chawo. Tinkawaseka kuti Mulungu ali paliponse, ngakhale kukhitchini, iwo n'kumaseka nafe.

Tsiku lina masana, akundisokera kolala ya malaya, anandiuza mawu amene ndawasunga mpaka lero. Anati, "Achimwene, sindikudandaula, ndakutumikirani ndi mtima wonse. Koma sindikudziwa ngati moyo umenewu ndi umene Mulungu anandilengera, kapena ndi umene unangondigwera. Ndapemphera zaka zonsezi ndikuyankhula ndine. Ndikufuna ndikamufunse pamalo poti akayankha ndimve." Ine ndinawayankha kuti angotopa chabe, akagoneko. Analuma ulusi, n'kundipatsa malaya. Nkhaniyo sanaiyambenso.

Anayamba kudandaula m'mimba mu Novembala chaka chatha, ndipo pa 2 Januwale chaka chino anagonekedwa m'chipatala. Madokotala anapeza matenda a chiwindi atafika kale patali. Anamwino anatichitira chifundo, anawapatsa kachipinda kapambali.

Ife ndife banja lopemphera, ndipo tinapangana kuti munthu amene sanatisiyepo sitimusiya yekha ngakhale mphindi imodzi. Tinalemba ndandanda wa mayina n'kumata pachitseko, anthu awiriawiri, kusinthana. Lachitatu kunkabwera kwaya, Lachinayi amayi a mapemphero. Sabata yachiwiri achemwali anapempha kuti tiwasiyeko okha pang'ono. Tinatuluka n'kukumana pakhonde, tinagwirizana kuti ataya mtima, ndipo munthu wotaya mtima sasiyidwa yekha. Tinawonjezera anthu. Patapita masiku anapemphanso, ulendo uno ola limodzi lokha. Tinawabweretsera wailesi ya nyimbo zauzimu kuti isamazime. Kachitatu sanapemphe. Ankangotembenukira kukhoma, komabe aliyense wolowa ankamuthokoza pomutchula dzina, n'kumufunsa za ana.

Panali mayi wina wokolopa m'chipatalamo amene tinkamudandaula. Akafika m'mawa ankatitulutsa tonse, kuzimitsa wailesi, n'kutseka chitseko. Kachipinda koti munthu n'kukolopa kamphindi, iye ankatha mphindi khumi ndi zisanu, ife tili panja kung'ung'udza kuti ndi waulesi. Dzana, tikukatenga katundu wa malemu, ndi pamene anatiuza kuti achemwali ndi amene anamupempha. Anati akamaliza kukolopa ankangoima kuseri kwa chitseko atagwira mopu, osanena kanthu, iwo atatsinzina, milomo ili duu. Ndinamufunsa ngati anamuuzapo chimene ankamva nthawi imeneyo. Anati sanawafunse.

Lachitatu pa 19 Febuluwale, cha m'ma 3 koloko masana, Ambuye anawaitana. Tinalimo anthu khumi ndi anayi m'kachipinda kaja, tikuimba. Palibe anaona mphindi imene anapita. Tinamaliza ndime zonse za nyimboyo, ndi pamene mwana wawo wamkulu anawagwira dzanja n'kudziwa. Amwalira ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu.

Malemu asiya ana atatu, wamwamuna mmodzi ndi aakazi awiri, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, ang'ono awo atatu ndi ife alongo awo awiri, komanso ana ena ambiri amene sanawabereke koma anakulira pamphasa pawo.

M'malo mwa banja ndikuthokoza madokotala ndi anamwino, ansembe amene anawadzoza mafuta, akwaya ndi amayi a mapemphero amene munabwera chifukwa tinakuitanani ndife ndipo munabwera ndi chikondi. Ndikuthokoza madalaivala opuma amene mwanyamula bokosi, ndi anansi amene mwatisunga masiku atatuwa. Mayi wokolopa uja ali pakati pathu pano, anapempha kuti ndisamuloze, ndipo sindimuloza. Mayi, Mulungu amene amaona zobisika akukumbukireni.

Mzimu wa achemwali uuse mu mtendere umene anaufuna kuyambira ali mtsikana.

Apa ndi pamene abale anati ndilekezere, koma akwaya musayambe kaye nyimbo. Achemwali, ngati yankho lija munalimva, sitikudziwa, ndipo mwayi wokufunsani tinautaya tokha. Munatilera zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi. Munatipempha masiku asanu ndi atatu, kenako ola limodzi. Ndandanda uja wa pachitseko ndinalemba ndine, ndi dzanja langa ili. Ndikupempha pamaso pa anthu onsewa ndi pamaso pa Mulungu: achemwali, ndikhululukireni.