Achemwali Athu, a Bwerezani

Malemu anabadwa pa 9 Epulo 1974, achiwiri m'banja la ana asanu. Ine ndikuwerengane ndine mlongo wawo. Mundikhululukire mawu akamandithawa, chifukwa Lamlungu lomweli tinali limodzi akundiseka za mimba yangayi.

Sukulu anayamba mu 1981 koma analekezera Fomu 2 bambo athu atatisiya. Mu 1993 analowa ntchito pa fakitale yosoka zovala ngati wodula ulusi. Anzawo akapita kokadya, iwo ankakhala pa makina n'kumadziphunzitsa, mpaka anakhala telala. Mu 1997 anakwatiwa ndi alamu athu ali apawa.

Mu 2008 anakwezedwa kukhala mphunzitsi wa antchito atsopano. Watsopano ankamukhazika pambali pa katswiri, kenako n'kumamusintha makina mpaka onse awadziwe. Msoko ukakhota ankaumasula wonse kuti wosokayo abwereze, n'chifukwa chake ankatchedwa a Bwerezani. Ngakhale ife kunyumba tabwerezapo kutsuka mbale. Ambiri amene anadutsa m'manja mwawo lero ndi akapitawo.

Mu 2019 kampani inawatumiza kukaphunzira chithandizo choyamba, chopulumutsa munthu akakomoka kapena akavulala. Anapita okha. Chibwerereni akhala akudandaula kuti mutu umodzi susenza denga, ena aphunzirenso, koma nthawi zonse maoda a zovala ankachuluka. Chaka chino akuluakulu anavomera, ndipo kalasi yoyamba anayenera kuiphunzitsa sabata yamawayi.

Lachiwiri m'mawa, akuonetsa wantchito watsopano kulowetsa ulusi m'makina, anagwira pachifuwa n'kugwa pansi. Sanali kudwala, ngakhale chimfine. Anzawo anawazungulira, manja ali m'khosi. Ena akuchipinda china atamva kuti munthu wakomoka anathamangira kukaitana a Bwerezani, osadziwa kuti wagwayo ndi iwowo. Panalibe wodziwa pogwira. Pofika kuchipatala, adokotala anati mtima unali utaima kale. Mitu yathu yaima, mpaka pano sitikukhulupirira.

Malemu asiya amuna awo, ana atatu, mdzukulu mmodzi, mayi athu okalamba ndi ife abale anayi.

Tikuthokoza anzawo amene anawanyamula, achipatala, ampingo, akampani pa bokosi ndi galimoto, komanso nonse mwatikhalira pano. Sitikuloza munthu chala. Pempho la banja kwa akuluakulu a kampani ndi limodzi lokha: kalasi ija tisaikwirire nawo lero. Pezani wina, anthu aphunzire sabata yamawa yomweyi, ngakhale maoda atachuluka bwanji.

Achemwali, mwachoka osatsanzika. Mzimu wanu uuse mumtendere.